Mwana wathu ankavina mbale yakale yokha

Boma litatitumiza ku Mlare, ku Karonga, katundu amene amuna anga anamunyamula pamiyendo ulendo wonse wochokera ku Ntcheu anali bokosi la mbale za nyimbo. Ine ndinali ndi pakati, ndipo ndinanyamula ndekha chikwama changa momwe munali setifiketi ya uphunzitsi imene ndinali nditangoilandira ku koleji. Sindikunena izi modandaula ayi. Ndinakwatiwa nawo ndikudziwa kuti m'nyumba tidzakhalamo atatu: iwo, ine ndi nyimbo zawo za jazi.

Iwo anali kalaliki ku ofesi ya zaulimi, ine ndinkaphunzitsa ana aang'ono kupulaimale. Nyumba imene anatipatsa inali ya zipinda ziwiri, yamalata, ndipo dzuwa la ku Karonga likakwera munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Magetsi kunalibe. Galamafoni yawo, imene anzathu oyandikana nawo ankaitcha gumbagumba, inkayendera batire ya galimoto, ndipo batireyo ikafooka ankaimangirira pa kaliyala wa njinga kukaitchajitsa kwa amakaniko a kuntchito kwawo. Inali ndi masipika awiri, mabokosi amatabwa ofika m'mawondo. Pabalaza panali pothina, choncho sipika imodzi anaiika pamwamba pa kabati ya makapu, inayo pansi, pafupi ndi zenera.

Mbalezo anayamba kuzisonkhanitsa ali kusekondale, mphunzitsi wina wa ku America atawasiyirako zingapo pobwerera kwawo. Ku Karonga anapezako mwayi wina. Akangomva kuti kwakutikwakuti kwafika mtchona wochokera ku Joni ndi sutikesi yachitsulo, Loweruka m'mawa ankapalasa njinga, n'kubwerako madzulo atapserera ndi dzuwa, mbale imodzi itakulungidwa m'shati. Tsiku lina anakwera basi mpaka ku Iponga chifukwa cha mphekesera chabe. Ankaziimika chiimikire, osazigoneka, kuopa kuti kutentha kungazipinde. Chopukutira anatenga thewera lofewa kuposa onse mwa matewera amene ndinakonzera mwana. Zikuto zimene zinali ndi zithunzi za amuna atsitsi lambiri kapena akazi ovala mathalauzi ankazikuta ndi pepala lakhaki, chifukwa a yufi ankatha kufika pakhomo kudzaona makhadi a chipani, maso awo n'kumayendayenda m'nyumba monse.

Singano ya galamafoni ine sindinkaloledwa kuikhudza. Kunena zoona sindinkaifunanso. Jazi inkandimvekera ngati anthu akukangana pamsika, aliyense osamvera mnzake. Koma amuna anga ankamvamo zinthu zimene ine sindinkamva. Ankatha kukweza chala m'mwamba n'kunena kuti, "Mwamva? Wa lipengayo wakoka mpweya pamenepo." Ine n'kuvomera kuti ndamva, maganizo ali ku nyemba zimene ndasiya pamoto.

Mwana anabadwa wamkazi, wolira kwambiri. Atatha miyezi ingapo, nthawi ya dzinja udzudzu utachuluka, anadwala. Thupi linatentha, khosi linauma, ndipo anakomoka ndili naye kumsana. Tinagonekedwa ku chipatala cha ku boma, anamubaya majakisoni mpaka timatako take tinatupa. Amayi ena amene tinali nawo m'chipinda chimodzi anabwerera kwawo mbereko ili m'manja. Ife tinabwerera naye wamoyo. Ndinathokoza Mulungu ndipo sindinafunse china chilichonse.

Koma anabwerera ali mwana wina. Anasiya kudzidzimuka. Chigayo chikalira, agalu akauwa, ana asukulu akamadutsa akuimba, iye ali m'tulo phee. Amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene ankandisungira mwanayo ndikapita kusukulu, ankandiyamikira kuti, "Mwana muweme uyu, wakusuzga yayi," kenaka n'kubwereza m'Chichewa kuti ndimve bwino: "Savuta mwanayu, aphunzitsi, muli ndi mwayi." Ine ndinkangomwetulira. Ku koleji anatiphunzitsa za kakulidwe ka ana, ndipo ndinkakumbukira bwino kuti mwana wa msinkhu umenewo amacheuka ukamuitana, amayambanso kubwebweta ta-ta-ta. Wanga anali atayambako kubwebweta asanadwale. Tsopano anali atasiya. Ndinkamuitana ndili kumbuyo kwake, iye osacheuka, ine n'kudziuza kuti watanganidwa ndi chidole. Funso linali limodzi, ndipo ndinkaopa kulitulutsa pakamwa: kodi mwana wanga amamva?

Chimene chinkandikhazika mtima pansi chinali Lamlungu. Tikaweruka kutchalitchi kunkabwera mnzawo wa amuna anga, telala wachikulire wa ku Mwenilondo, amene anakhalitsa ku Joni ndipo nawo ankasunga mbale. Awiriwo ankakhala pabalaza, ine ndikuphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, kuseri. Panali mbale ina imene onse ankaikonda, yakale, yokhuthala, chikuto chake chong'ambika m'mbali. Inkathetheka ngati nsomba m'mafuta, ndipo pa nyimbo yachiwiri singano inkalumpha. Nyimbo yoyamba inkayamba ndi besi yokha, choimbira chachikulu cha mawu olemera chija, du, du, du-du, sakisofoni n'kulowa pambuyo. Besiyo ikangoyamba, mwana ankakwawira ku sipika ya pansi ija, n'kuigwira ndi manja onse awiri, n'kudzikoka mpaka kuimirira. Akatero ankanjanja ndi timawondo take, malovu ali chuchuchu, akuseka.

"Kamama aka kali ndi khutu nadi," atelala ankatero. "Katengera inu, adada."

"Magazi, akulu, magazi," amuna anga n'kuyankha, chifuwa chili patsogolo.

Ndikaona zimenezo mantha ankatha. Mwana wosamva angavine bwanji? Lamlungu ndi Lolemba ndinkadya bwino, kugona bwino. Pofika pakati pa sabata mantha ankabwereranso, ndipo ndinayamba kuwapempha amuna anga kuti aike mbale ija ngakhale tsiku la ntchito. Iwo anakondwa, poganiza kuti jazi yandilowa tsopano. Sindinawauze kuti ndinkangofuna kuona mawondo a mwana akugwedera kuti mtima ukhale m'malo.

Kamodzi ndinayesa kunena. Tinali kudya masana, mwana ali pa mkeka.

"Abambo, mwanayu ndikamuitana sacheuka."

"Akukunyozani dala. Akazi mumayamba mwano muli aang'ono."

"Sindikuseka ayi."

"Mayi a mwana, munthu womva besi ili pansipansi alephere kumva mawu anu akuthwawo? Mabuku a ku koleji akukusokonezani mutu. Idyani."

Ndinadya. Ndinkafuna kwambiri kuti akhale akunena zoona.

Kulumpha kwa singano kuja kunkawapweteka mtima amuna anga. Atamva kuti mbale yomweyo aitulutsanso yatsopano ndipo ikupezeka m'sitolo ina ku Blantyre, anatuma dalaivala wa kuntchito kwawo. Inafika patapita nthawi, chikuto chake chonyezimira, mbaleyo yopyapyala moti inkagwedera m'manja. Oimba omwewo, nyimbo zomwezo. Sanaiike tsiku lomwelo. Anadikira Lamlungu kuti atelala akhalepo, anasamba m'manja ndi sopo, n'kutsitsa singano pang'onopang'ono.

Nyimbo isanafike pakati nkhope yawo inali itagwa.

"Aiononga," anatero.

"Aiononga chiyani?" atelala anafunsa. "Pulikani makora, adada, mvetserani bwino. Kukazinga kuja kwatha. Yayera ngati madzi a pa mjigo."

"Yayera chifukwa aichapa mpaka mtundu wa nsalu kuchoka. Inu atelala zimenezo simukuzidziwa?"

"Ine nsalu yong'ambika sindiitamanda. Ndimasoka ina."

"Tamverani wa besiyo. Ali kuti? Kale anali pakati pa anzake, lero amuthamangitsira pamwamba pa kabati yekhayekha ngati wapalamula mlandu."

"Mwina anzakewo anatopa naye. Nanga munthu du-du-du tsiku lonse?"

Amuna anga anatembenukira kwa ine, ngakhale sindinafunse, n'kundifotokozera kuti nyimbozo zinajambulidwa kalekale mawu onse ali pamodzi, n'chifukwa chake mbale yakale inkatulutsa zofanana m'masipika onse awiri. Potulutsa yatsopanoyi eni ake anafuna kuti izimveka ngati yamakono, ya siteriyo, ndiye anang'amba mawuwo pakati: olemera onse mbali imodzi, opyapyala mbali inayo. Kwathu olemerawo anapita ku sipika ya pa kabati. Ya pansi inatsala ndi malipenga ndi tizitsulo ta woimba ng'oma.

Ali mkati mokangana choncho, mwana anakwawa monga mwa masiku onse, anagwira sipika ya pansi, anaimirira. Anadikira. Anaimenyamenya ndi kachikhatho. Kenaka anakhala pansi n'kuyamba kuyamwa chala cha kuphazi.

Amuna anga anaomba m'manja. "Mwaona, akulu? Ngakhale mwana waikana!"

"Yayi, katopa waka."

"Watopa? Dikirani muone."

Anachotsa yatsopano, anaika yakale. Du, du, du-du. Mwana anadzuka, anagwira bokosi, mawondo n'kuyamba. Atelala anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti agonja, sangalimbane ndi jaji wovala thewera.

Kuyambira tsiku limenelo zinakhala ngati sewero la pakhomo pathu. Anzawo a kuntchito, ahedi a kusukulu kwathu, ngakhale wapolisi wina wa kwathu ku Ntcheu, onse anaitanidwa kudzaona mwana wodziwa kusiyanitsa mbale yeniyeni ndi yachinyengo. Sanaphonyepo. Ikalira yatsopano ankakhala pansi, ikalira yakale ankavina. Bambo ake ankamukweza m'mwamba n'kumati adzamugulira piyano ngakhale zitatengera kugulitsa njinga. Ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotero, ndipo inenso ndinkaseka nawo, kuseka kwenikweni.

Lamlungu lina alendo atadzaza pabalaza, mbale yatsopano ikulira, ndinapita pa kabati kukatenga makapu a tiyi. Nditatsamiritsa dzanja ndinamva thabwa likunjenjemera, makapu akugundana pang'onopang'ono. Kenaka ndinawerama kuti ndichotse mwana panjira, ndipo dzanja lomwelo linakhudza sipika ya pansi. Thabwa lake linali duu ngati mwala. Koma lipenga linkatuluka mmenemo mwamphamvu moti khutu langa linawawa, ndipo nkhope ya mwana inali pomwepo, pansalu ya sipikayo. Sanaphethire n'komwe.

Tiyi ndinathira, shuga ndinapereka. Zimene ndinawayankha alendo tsiku limenelo sindikuzikumbuka.

Mkati mwa sabata yomweyo, nditaweruka kusukulu, amuna anga atapita ndi alangizi ku minda ya mpunga, ndinakatenga mwana n'kutseka chitseko. Ndinali nditaona kambirimbiri momwe ankalumikizira batire, waya wofiira pa chizindikiro cha mtanda. Posazolowera, singano ndinaigwetsera pakati pa nyimbo. Ndinayamba ndi mbale yatsopano. Ndinakwera pampando, ndinatsitsa sipika ya pa kabati, ndinaiika pa mkeka, n'kugwiritsa timanja ta mwana pamenepo. Anavina. Anavina mbale yachinyengo ija imene ankaikana pamaso pa anthu, akundiyang'ana, akuseka.

Ndinaika yakale. Ulendo uno ndinamunyamula n'kuima naye pakati pa chipinda, kutali ndi mabokosi onse awiri, ndipo ndinakweza mawu mpaka malata analira. Besi inayamba. Iye ankasewera ndi batani la bulauzi yanga. Ndinamukhazika pansi chondifulatira, ndinatenga zivundikiro za mapoto n'kuzimenyanitsa kumbuyo kwa mutu wake. Nkhuku panja zinabalalika. Iye ankatsatira nyerere ndi chala.

Ndinakhala pansi pomwepo. Mbale inatha, singano inapitiriza kuzungulira kumapeto, khwe, khwe, khwe, ine osadzuka.

Umu ndi mmene amuna anga anatipezera, dzuwa likadali m'mwamba. Anaona sipika ili pa mkeka, mbale yatsopano ili pa tebulo yopanda chikuto, singano ikudya mbale yawo yakale. Iwo si munthu wokalipa, koma tsiku limenelo anakuwa.

"Mayi a mwana! Ndani wakuuzani kuti mugwire zinthu zanga? Mwapenga kodi?"

Ine ndinadzidzimuka. Amayi oyandikana nafe ndinawamva akutsegula chitseko chawo. Mwana anali pakati pathu, atawafulatira bambo ake, chala chili pa nyerere.

"Kuwaninso," ndinatero.

"Mwati chiyani?"

"Kuwaninso, abambo. Koma muzimuyang'ana mwanayu."

Anamuyang'ana. Anamuitana dzina, poyamba mwachizolowezi, kenaka mokweza, kenaka ndi mawu awo onse. Atasuntha phazi, chithunzithunzi chawo chinagwera pa mkeka, ndipo m'pamene mwana anacheuka n'kukweza manja kuti amunyamule.

"Koma amavina," anatero. "Mwamuona nokha. Anthu onse amuona."

"Gwirani bokosilo."

Sanandikhulupirire msanga. Anachita zonse okha, mwadongosolo, monga ankachitira poyerekeza mbale ziwiri. Anabwezera sipika pa kabati, anaika mbale yatsopano, n'kusinthanitsa mawaya kuti besi itsikire pansi. Mwana anavina. Anabwezera mawaya m'malo mwake, mwana anakhala pansi. Kenaka anaika chikhatho chawo pa thabwa n'kutseka maso nthawi yaitali. Pomaliza anamasula waya wa batire, m'nyumba munati zii.

"Ndiye masabata onsewa tinkaombera m'manja chiyani?" anafunsa.

Sindikuganiza kuti ankafunsa ine.

Ku chipatala cha ku boma tinapita pa basi. Pa siteji a yufi anafuna makhadi, tinaonetsa, ndipo mmodzi wa iwo anamuimbira mwana mluzu. Ataona kuti sakucheuka anati, "Wamanyazi eti?" Ine ndinati inde. Adokotala anali bambo wa ku Zomba, wolankhula mofatsa. Anaomba m'manja kumbuyo kwa mwana, analiza kabelu, anayang'ana m'makutu ndi tochi. Anafunsa za matenda aja. Anati mwina ndi matendawo, mwina ndi mankhwala amene anamupulumutsa, iwo sangadziwe, ndipo makina oyezera bwino ali ku Blantyre. Amuna anga anafunsa ngati mawu olemera, a pansipansi, amalowako pang'ono m'khutu kapena mwana amangowamva m'manja mokha. Adokotala anati yankho la funso limenelo alibe. Anatiuza za sukulu ya ana osamva imene ili kum'mwera, yogonera komweko, imene imalandira ana akakulako. Ndinafunsa ngati adzanditchulepo kuti amayi. Anati tisataye mtima. Ndinamva chimene amatanthauza.

Lamlungu lotsatira atelala anabwera atasokera mwana kadiresi, akufuula ali kumsewu kuti jaji akonzeke, abwera ndi mlandu wina, mbale ina m'chikwama. Amuna anga anakawachingamira panja. Ndinawaona pazenera ataima pafupi ndi njinga, atelala atavula chipewa. Sanalowe m'nyumba. Kadiresi anakasiya pakhonde.

Mbale zikadalipo. Amazipukutabe, amaziimikabe bwino, koma kwa matchona anasiya kupita, ndipo batire imatha nthawi yaitali ili pansi pa bedi. Nthawi zina mwana amakamenya sipika n'kuwayang'ana bambo ake. Akatero amamuikira mbale yakale ija, iwo n'kutuluka kukaima kuseri kwa bafa mpaka ithe. Sitinakambepo za zimenezi. Anthu amene ankabwera kudzaonera sewero lija, ena amandipatsa moni wachisoni, ena amayang'ana kumbali. Amayi oyandikana nafe anandipepesa chifukwa chonena kuti mwana savuta, ngati kuti iwo ndiwo anamutseka makutu.

Tsopano akuyenda, akuthamanga. Ali ndi njira zake zotiuzira zinthu: akafuna madzi amagwira pakhosi, bambo ake amawatchula pogwira chibwano. Tinapempha kuti atisamutsire kum'mwera, kufupi ndi makina aja ndi sukulu ija, ndipo tinauzidwa kuti tidikire. Tikudikirabe. Mtima wina umafuna kuti yankho libwere msanga, mtima wina sufuna n'komwe, chifukwa sindikudziwa kuti ndidzamufotokozera bwanji mwana wosamva kuti ndikumusiya kwa anthu achilendo koma ndidzabweranso.

Chimene sindinachiganizire tsiku la zivundikiro lija ndi msewu. Nyumba yathu ili m'mphepete mwake, ndipo nyengo ya thonje malole amadutsa ali liwiro, fumbi lili koboo. Mayi wina aliyense, mwana wake akalunjika kumeneko, amangokuwa ali pamtondo, mwana n'kuima. Ine mawu anga safika kwa mwana wanga. Sindingachape nditamufulatira. Sindingachonge makope a ana a eni osadzutsa mutu kamphindi kalikonse. M'kalasi ndimapezeka ndasiya chiganizo pakati pa bolodi chifukwa ndamva hutala, choko chili m'mwamba, ana akundiyang'ana, ngakhale ndikudziwa kuti ali m'manja mwa amayi oyandikana nafe.

Sabata yatha ndinkayanika zovala pamene ndinamuona akutsatira kamwana ka mbuzi cha kumsewu, lole ikubwera kuchokera ku boma. Ndinathamanga, chitenje chinagwa, ndipo ndikuthamanga choncho ndinkakuwa dzina lake, ndikudziwa bwino lomwe kuti n'zopanda ntchito, kukuwa mpaka mawu anasasa. Ndinamugwira mkono m'mphepete mwa ngalande, lole n'kudutsa, fumbi kutikwirira. Iye anaona ngati ndi masewera othamangitsana. Anaseka, anapulumuka m'manja mwanga, n'kuyambanso kuthamanga kuti ndimugwire.